Mpopi wa m'Bafa la Mayi Sutcliffe

A Norris Haigh akonza maboila m'Todmorden kwa zaka makumi anayi, ndipo tauni yonse imawadziwa ndi khalidwe limodzi: safulumira kutsegula bokosi la zida. Akalowa m'nyumba amavula jekete, n'kukoka mpando, n'kudikira tiyi. Ena amati ndi ulesi chabe, ndipo sakunama kwenikweni, pakuti a Norris ndi mpando ndi pachibale. Koma eni ake amati boila ili ngati wodwala amene amachira akangoona dokotala. Uyenera kukhala nayo mpaka iiwale kuti ulipo.

Chaka chimenecho chisanu chinalawirira. Mayi Edna Sutcliffe, amasiye a zaka 84 okhala okha kuseri kwa tchalitchi, anali ndi boila yakale ija yogwira ntchito ziwiri, kutenthetsa madzi a pampopi ndi kutumiza madzi otentha m'marediyeta, zitsulo za m'mbali mwa makoma, kuti zipinda zifunde. Masiku ena nyumba inkafunda bwinobwino. Masiku ena marediyeta ankangoti zii. Anyamata awiri a kampani ina anabwera masana, anasintha ichi ndi icho, n'kunena kuti zatheka. Sizinatheke.

Lamlungu lina mwana wawo Gillian atabwera kuchokera ku Leeds, anapeza mayi ake atavala chijasi m'nyumba, milomo ikunjenjemera. Anadula mlandu pomwepo: ikafika Khirisimasi nyumba isanafunde, mayi asamukira kunyumba yosungirako okalamba. Sinali nkhanza ayi, anali mantha, koma chipinda anali atakachiona kale.

Apa m'pamene Mayi Sutcliffe anaimbira a Norris.

"Norris, mwana iwe, tabwera udzaione boilayi. Gillian akufuna akanditaye kumene amamwetsa anthu phala ndi sipuni."

"Mayi, ndili ndi zaka 67 ine. Umwana unatha kalekale."

"Kwa ena. Ine ndinakupukutapo mamina paubatizo wa mlongo wako."

Anapita Lachinayi masana, n'kupeza boila ikugwira ntchito ngati yatsopano. Anayang'ana muvi wosonyeza mphamvu ya madzi, unali pamalo pake. Anatulutsa mpweya m'marediyeta, wochepa zedi. Atatha mabisiketi awiri anafunsa kuti imavuta masiku ati, ndipo mayiwo anati ndi masiku a chisanu basi.

Loweruka m'mawa udzu unayera mbee ndi chisanu, ndipo a Norris anagogoda isanakwane 8 koloko. M'nyumba munali mozizira kuposa panja. Chodabwitsa n'chakuti boila inkayaka ndithu, ikulira mwamphamvu, koma marediyeta onse ali ozizira. Akanakhala mnyamata, akanayamba kumasula zitsulo. Iwo anakhala pansi m'khitchini, kapu ili m'manja, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita kanthawi anamva madzi akutsika m'paipi ya kuseri kwa khoma.

"Kodi akusamba ndani m'mwambamu?"

"Palibe. Ukuyesa ndabisa mwamuna?"

A Norris anakwera masitepe, mawondo akudandaula. M'bafa anapeza mpopi wa madzi otentha uli wotsegula, madzi akungotsika, nthunzi ili tolo. Mayi Sutcliffe anafika pambuyo pawo akupumira m'mwamba.

"Usautseke umenewo. Ndi lamulo la malemu a Clifford, amuna anga. Pa chisanu cha 1963 mapaipi anaphulika, denga linagwera pabedi pathu. Kuyambira pamenepo kukachita chisanu mpopi uzitsika. Madzi oyenda saundana."

"Nanga bwanji wotenthawo, mayi?"

"Wozizirawo unalimba chaka chino, ndi nyamakazi ya m'zalamu sindingaupotokole. Madzi ndi madzi, si choncho?"

A Norris anawafotokozera mofatsa. Boila yamtunduwu ili ndi dzanja limodzi. Mpopi wotentha ukatseguka, imasiya marediyeta n'kuthamangira kumpopiko, ndipo siibwerera mpaka utatsekedwa. Masiku onse a chisanu aja inkatenthetsa madzi opita m'ngalande.

Mayiwo anakhala pamphepete mwa bafa.

"Ndiye kuti ndimadziziziritsa ndekha," anatero motsitsa mawu. "Gillian akamva zimenezi ati mutu wayamba kuzungulira. Ngakhale nyumba ifunde, anditenga."

A Norris anagwidwa chisoni chachikulu. Munthu wokumbukira denga la 1963 ndi mamina a paubatizo mutu wake sunazungulire. Anangosunga mawu a mwamuna wake ndi zala zimene zinali zitatopa. Tsiku limenelo bokosi la zida linatseguka msanga. Anachotsa mipopi yonse iwiri n'kuika ya chogwirira chachitali, yoti ngakhale ndi chigongono umatsegula. Anakwera kudenga n'kukulunga mapaipi onse, akutsokomola ndi fumbi.

"Wozizirawu muziutsegula ndithu, a Clifford asatidandaule," anatero potsika. "Koma wotenthawu, kukachita chisanu, musauyandikire."

Gillian anafika masana, nkhope ili yokonzeka kukangana. Anagwira rediyeta ya pakhomo, n'kuchotsa dzanja msangamsanga.

"Bambo Haigh, vuto linali chiyani?"

Mayi Sutcliffe ankangoyang'ana m'kapu mwawo.

"Mpopi wa m'bafa unalimba, chemwali. Ndausintha."

"Mpopi basi? Nanga anyamata aja sanauone bwanji?"

"Anyamata aja samwa tiyi."

Sananame a Norris, ngakhale kuti sananene zonse, ndipo chikumbumtima chawo sichinawavute ngakhale pang'ono. Gillian anayendera chipinda chilichonse akugwira zitsulo. Pobwerera m'khitchini maso ake anali atafiira. Anavula mpango wa m'khosi, n'kuupachika kuseri kwa chitseko, n'kuima pafupi ndi mayi ake.

"Amayi, pa Khirisimasi tikhala anthu asanu ndi awiri. Mipando ikwana muno?"

"Ikwana," anayankha Mayi Sutcliffe. "Nyumba ino sinabwezepo munthu."