Tsiku limene a Bureki anatchula mlamu wawo pagulu

A Bureki ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Dzinali anawapatsa ndi ophunzira awo, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka pakamwa pawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka: bureki, mayi, bureki. Kagalimoto kawo kanali koyera, kobonyoka pang'ono kumbuyo. Mbali imene ankakhala iwo kunali chopondera bureki chachiwiri, ndipo phazi lawo linachizolowera moti ngakhale m'basi ankaponda pansi dalaivala akachedwa kuima.

Anali munthu wa malamulo. Kunyumba kwawo kiyi aliyense anali ndi msomali wake, ndipo ana ankadziwa kuti rimoti ikapezeka pampando, madzulo kukhala msonkhano. Akazi awo, amene anali telala, ankaseka n'kumati anakwatiwa ndi wapolisi wopanda yunifolomu. Koma sanali munthu wankhanza. Wophunzira akalira chifukwa chowomba chigubu pobwerera m'mbuyo, iwo ankazimitsa galimoto n'kumudikira mpaka mtima ukhale pansi.

Chimene ankachikonda kuposa zonse ndi drafuti. Anaphunzira ali mwana, pa thabwa lojambula ndi makala, zosewerera zake zili zitsekerero za mabotolo. Masewerawa atafika pa foni, a Bureki analowa gulu la osewera anzawo. Munali madalaivala, aphunzitsi, alonda, ena okhala kunja kwa dziko, ambiri osadziwana nkhope. Mwezi ndi mwezi ankachita mpikisano. Wopambana sankalandira kanthu, kupatula kuti dzina lake linkakhala pamwamba mpaka mwezi wotsatira. Komabe anthu ankalimbirana dzinalo ngati munda.

Oyang'anira gulu anali awiri: a Bureki ndi mayi wina wogwira ntchito kuchipatala, amene onse ankangowatchula kuti Anamwino. Pa masewera a pa foni pali vuto limodzi. Munthu akhoza kukhala ndi foni yachiwiri pambali, momwe muli pulogalamu yomuuza poyenda, ndipo mnzake sangaone. Nthawi ina nkhani imeneyi inatsala pang'ono kuphwasula gulu, anthu akutukwanirana makolo. Ndiye a Bureki analemba lamulo. Ukamukayikira mnzako kuti akubera, usatchule dzina lake pagulu. Tumiza masewerowo kwa oyang'anira kumbali, iwo aone. Wotchula dzina la mnzake pagulu achotsedwa. Ndipo anachotsadi anthu angapo, mmodzi wa iwo mnzawo wa kutchalitchi.

Akazi awo anali ndi mlongo wawo wamng'ono, wokonza zamagetsi. Lamlungu masana ankabwera kudzacheza, n'kukhala pakhonde ndi a Bureki, bolodi la drafuti lili pakati. Sankapambana. Ankayenda mofulumira, akucheza, akuseka, osaona msampha.

"Alamu, inu simusewera, mukugawa mphatso," a Bureki ankatero akudya zitatu nthawi imodzi.

"Ndikukusungirani ulemu, alamu. Mlongo wanga angakuthaweni mutagonja pakhomo panu."

Tsiku lina mlamuyo anagwa pa makwerero akuika mawaya m'nyumba yosungiramo katundu. Anathyoka fupa la m'chiuno, msana nawo unavulala. Atatuluka m'chipatala anagona kunyumba miyezi yambiri, osatha ngakhale kupita yekha kubafa. A Bureki ndi amene anamuikira drafuti pa foni kuti azitayirako nthawi, n'kumulowetsa pagulu. Dzina losewerera anamusankhira okha: Waya.

Poyamba Waya ankagonja monga mwa kale. Kenako anayamba kufanana mphamvu ndi anthu odziwika. Kenako anayamba kuwagonjetsa. A Bureki ankanyadira, n'kumauza aliyense kuti mwanayo ndi wa m'manja mwawo. Mpaka mwezi wina awiriwa anakumana pa masewero omaliza a mpikisano.

A Bureki anasewera nthawi yopuma masana, atakhala m'galimoto pansi pa mtengo, m'mbali mwa bwalo lafumbi limene ankaphunzitsirapo kubwerera m'mbuyo. Masewero anayenda bwino mpaka pakati. Waya anapereka imodzi, iwo anadya. Anapereka ina, anadyanso. Atapereka yachitatu a Bureki anamwetulira, akuti mlamu wayambanso zogawa mphatso zija. Atangodya, anaona njira itatseguka kuchokera m'mphepete mpaka kumzere wawo womaliza. Waya anadutsa momwemo, kusesa zonse, n'kulowa king'i. Msampha wotero a Bureki anali asanauonepo chibadwire.

Pagulu panayamba chikondwerero. Wina analemba kuti lero bureki yaduka pa chitsikira. Wina anati aphunzitsi akalembetsenso sukulu. Zinali nthabwala wamba, zonga zimene iwo ankanena kwa ena. Koma iwo sanaseke. Anabwereza masewerowo n'kuona kuti Waya ankatenga nthawi yofanana pa kuyenda kulikonse, povuta ndi posavuta pomwe. Munthu amene pakhonde ankayenda asanaganize.

Wophunzira wotsatira anali ataima kale pafupi ndi galimoto. A Bureki analemba mothamanga: "Ine sindibisa mawu. Waya akubera. Ndi mlamu wanga, ndasewera naye zaka zambiri, mutu wake ndimaudziwa. Zimene wachita lerozi si zake." Anawerenganso. Lamulo lija analikumbukira bwinobwino. Nambala ya Anamwino inali pomwepo, ya mlamu wawo inalinso pomwepo. Anatumiza pagulu, n'kuika foni m'thumba.

Pamene ankaitulutsanso madzulo, mauthenga anali osawerengeka. Akanalemba wina, anthu akanamuuza kuti atsate lamulo. Koma analemba ndi mwini lamulo, ponena za m'bale wake, ndiye ndani akanakayikira? Aliyense amene anagonjapo kwa Waya anatulukira ndi umboni wake. Wina anakapeza chithunzi chimene mkazi wa Waya anaika pa intaneti popempha mapemphero, mwamuna wake ali pabedi la chipatala, n'kulembapo kuti: miyendo yapuma, manja ali pa mafoni awiri. Anthu anaseka. Pakati pa zonsezo panali uthenga umodzi wa Waya: "Alamu, bwenzi mutangondiimbira." Pansi pake panalembedwa kuti watuluka m'gulu.

Anamwino anaimba a Bureki asanalize n'komwe galimoto.

"Ndafufuta zonse, koma anthu ajambula kale," anatero. "Masewerowo ndawaona, ndaonetsanso anthu awiri odziwa. Mwina wayenda ngati makina, mwina ayi. Munthu woti waphunzira kwambiri akhoza kuyenda choncho. Sitinganene kuti wabera, sitinganenenso kuti sanabere."

"Koma nthawi ija, mayi, mwaiona?"

"Ndaiona. Ndaonanso odwala msana akugwira foni atagona chagada, dzanja limodzi likunjenjemera. Bambo, lamulo munalemba ndinu. Mutuluka nokha kapena ndikutulutseni?"

Anatuluka okha.

Kunyumba anapeza akazi awo ali pa makina, akupinda diresi ya kasitomala. Sanadzutse mutu. Nkhani inali itawapeza kale kudzera kwa mkazi wa mlongo wawo.

"Madzi osamba ali pamoto," anatero.

"Mayi, nkhani ija simukuimvetsa. Masewera aja ali ndi..."

"Masewera anuwo sindiwadziwa, ndipo sindikufuna kuwadziwa." Anaimitsa makina. "Chimene ndikudziwa n'chakuti mwana uja wagona chagada miyezi yonseyi, akuyang'ana malata. Mkazi wake amati akamupititsira chakudya amamupeza akujambula timabokosi pa katoni, akuyankhula yekha. Aliyense wobwera kudzamuona amafunsa za chiuno. Mpingo, chiuno. Anzake a kuntchito, chiuno. Kugulu kuja ndi kokhako kumene anthu sankamufunsa za chiuno. Munamulowetsa ndinu, mwamutulutsanso ndinu."

"Nanga ngati anaberadi?"

"Ndiye mukanapita kukamukalipira kunyumba kwake ngati mng'ono wanu. Njira simuidziwa? Si inu ophunzitsa anthu misewu?"

Makina anayambanso kulira.

A Bureki anazengereza masabata angapo. Ntchito ankagwira monga mwa masiku onse, koma nthawi yopuma ankangokhala m'galimoto, manja ali pa chiwongolero. Chimene chinkawapweteka kwambiri ndi chithunzi chija. Tsiku limene chinajambulidwa iwo analipo, ataima kumiyendo kwa bedi atanyamula fulasiki. M'mphepete mwa chithunzicho munkaoneka chigongono chawo.

Lamlungu lina ananyamula bolodi n'kupita. Anadziuza kuti akukapepesa, ndipo bolodilo n'longofewetsera nkhani.

Bedi la mlamuyo analisamutsira pabalaza, chifukwa chitseko cha kuchipinda chinali chopapatiza, choyendera chake chachitsulo sichinkalowa. Pansi pa bedi panali chikwama cha zida, chitachita fumbi. Pa tebulo panali wailesi ya neba yotsegula kumbuyo, timisomali take tili m'sosala. Mkazi wa mlamuyo anawalonjera mwaulemu wonse, ulemu wopatsa mlendo, n'kutuluka panja.

"Alamu, ndinalakwa," a Bureki anatero atakhala. "Sindinayenere kulemba zija pagulu."

"Pagulu," mlamuyo anabwereza. "Ndiye kuti kumbali zikanakhala bwino."

"Sindikutanthauza choncho."

"Chabwino. Ndamva."

A Bureki anasolola bolodi m'jumbo n'kuliika pa mpando. "Ndimati mwina timenye kamodzi, ngati kale."

Mlamuyo analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Mwabwera ndi mayeso."

"Ayi, alamu."

"Foni yanga muitenge kaye muike panja, eti? Ndikakugonjetsani mupite mukauze anthu kuti mwandiyesa, ndakhoza. Ndikagonja, poti lero msana ukundiwawa ndipo sindingakhale tsonga nthawi yaitali, muzipita mukudziuza mumtima kuti munanena zoona. Simudzanena kwa munthu, ndinu aulemu. Koma muzidziuza."

A Bureki anayang'ana bolodi lija. Zinali zoona. Njira yonse anabwera akuganiza za msampha uja, ngati angauonenso ndi maso.

"Sindisewera, alamu," mlamuyo anatero, mawu ali pansi. "Ndi inu, ndi wina aliyense. Ndinazichotsa pa foni. Mundithandize kukweza piloyu, watsetsereka."

Anamukwezera pilo. Pochita zimenezo anamva mmene munthuyo anapepukira, mapewa ali mafupa okhaokha, ndipo anachita manyazi kuti miyezi yonseyi ankadziwa bwino mayendedwe ake a pa drafuti kuposa thupi lake. Bolodi analibweza m'jumbo.

Madzulo ake analemba chipepeso n'kupempha Anamwino kuti achiike pagulu. Analemba kuti analibe umboni, kuti analankhula chifukwa cha kuwawa kwa kugonja, ndi kuti amene anaseka chithunzi chija aseke iwo. Anamwino anawauza pambuyo pake kuti anthu ochepa anayankha kuti zamveka. Wina anafunsa kuti, ndiye anabera kapena sanabere? Kenako nkhani inasanduka ya mpikisano wa mwezi wotsatira. Uthenga woyamba uja unali utafika ngakhale m'magulu ena, kumene Waya sankamudziwa n'komwe. Chipepesocho sichinatuluke m'gulu lawo lija.

Patapita nthawi Anamwino anati chilango chakwana, akhoza kubwerera. Iwo anathokoza, koma sanabwerere.

Madokotala atanena kuti mlamuyo azipita kuchipatala kukaphunzira kuyenda, a Bureki anasintha nthawi za ophunzira awo a Lachinayi m'mawa kuti azimuperekeza. Sanafunse munthu, anangofika ndi galimoto pakhomo. Mlamuyo sanakane. Ankakhala kutsogolo, mpando atautsekulira m'mbuyo, ndipo ankacheza za mitengo ya mawaya, za ana, za maenje a mumsewu. Nthabwala zinabwerera pang'onopang'ono, koma zosankha, ngati munthu woyenda m'chipinda mogona mwana. Akazi awo anayambanso kuwatchula wapolisi. Kunja kwake zinthu zinaoneka ngati zapola.

Chimene a Bureki sanauze munthu n'chakuti kukayika kuja sikunathe. Ankadana nako, koma kunkabwera kokha, nthawi zina ali pakati pophunzitsa. Ndipo ankadziwa kuti ngakhale atamva lero kuti mlamuyo anaberadi, zimene iwo anachita sizikanachepa.

Lachinayi lina akuchokera kuchipatala anaima pa maloboti. Mlamuyo anali atayamba kuyenda ndi ndodo imodzi, ndipo tsikulo anali wosangalala. Anatulutsa foni n'kuyamba kudinadina, nkhope itachita tsinya ngati munthu woganiza. Diso la a Bureki linapita lokha pa foniyo. Kunali kuphethira kumodzi basi, koma mlamuyo anaona. Sanakwiye. Anangotembenuza foniyo n'kuwayandikizira kumaso kuti awerenge bwino.

"Ndi kasitomala, alamu. Akufunsa ngati ndingakayang'ane mita yake mwezi wamawa."

"Sindimafunsa."

"Ndikudziwa." Anabweza foni pamwendo. "Tiyeni, loboti yatsegula. Akutiimbira hutala kumbuyoku."