Mbuzi ya a Vitus

A Vitus anabwera ku Nairobi ngati khukhi wa banja la a Chancellor. Kwawo kunali ku Mzimba, komwe ali mnyamata ankasenza okha gwape wathunthu kuchokera kutchire. Pamene ndinkawadziwa kutchalitchi kwathu ku Roysambu, sitiroko inali itapha kale dzanja lawo lamanzere, ndipo ankakhala ndi mantha kuti ntchito iwathera.

Phwando la 6 Julaye litayandikira, abwana anagula mbuzi yosenda kale. A Vitus anati nyama yabwino imayamba yagona chipachikire kunja kozizira, magazi akhe, ifewe.

"Igone? Ndi mlendo kodi? Tiyiyalirenso bedi?" anaseka adona.

A Vitus kuinyamula mbuziyo sakanatha, koma kupempha thandizo kunali kudziulula. Anaiduladula ili pansi, naponya chingwe pamtanda wa pakhonde. Ankakoka ndi dzanja lamoyolo, kenako n'kuluma chingwecho kuti chisabwerere, n'kukokanso. Adona anawapeza chingwe chili kukamwa.

Paphwandopo tonse tinadya mpaka kunyambita zala. Adona ankazungulira ndi mbale akuti, "Onjezerani, ndi kaphikidwe ka kwathu aka."

Lolemba lake adona anauza a Vitus kuti munthu wogwira chakudya ndi mano sangakhalenso m'khitchini mwawo.

"Amayi, ndinaluma chingwe, osati nyama," anatero a Vitus. Sizinamveke.

Ndinawaperekeza kukakwera basi ya ku Dar es Salaam pobwerera kwawo ku Mzimba, chikwama nditawanyamulira ine. Ambuye andikhululukire, kunyumba kwa a Chancellor sindinadyekonso.