Atikonda Anachedwa Kuyenda

Mayi aliyense amene waberekapo ku Chirimba m'zaka khumi ndi zisanu zapitazi akuwadziwa a Sellina Zuze. Ndi alangizi a zaumoyo aja aafupi, a mawu a besi, amene amapachika ana pasikelo Lachiwiri lililonse. Bambo awo anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, koma iwo anabadwira konkuno, ndipo Chisena amangochikumbukira akakwiya.

Makulidwe a mwana ankawadziwa ngati Atate Wathu. Miyezi iwiri kumwetulira, inayi khosi kulimba, isanu ndi umodzi kukhala, kenako kukwawa, kuimirira chogwirira mpando, chaka chikamakwana kuponya phazi. Mayi akabwera ndi mwana wotsalira, a Sellina sankanyengerera.

"Mayi, mwanayu mukumudyetsa chiyani? Anzake akukwawa, uyu bwanji?"

Ena ankatuluka akulira. A Sellina ankati bola alire lero kusiyana n'kudzalira maliro.

Anakhala zaka zisanu ndi chimodzi pabanja opanda mwana. Amuna awo, a Gervazio, owotcherera zitsulo pafakitale ina ku Makata, ankangoti nthawi ya Mulungu sinakwane. Itakwana, matenda anatenga masiku awiri, ndipo mwanayo atabadwa sanalire msanga. Anali wamkazi. Anamutcha Atikonda.

Pa miyezi inayi, khosi la Atikonda linkangolendewera ngati la mwana wa dzulo. A Sellina anaona, nadziuza kuti mwana aliyense ali ndi nthawi yake, mawu omwe akanamva mayi wina akunena akanamukalipira. Pa miyezi isanu ndi iwiri akamukhazika pamphasa ankagwera kumbali, timanja titafumbata. Anayamba kumuyeza okha kunyumba ndi kulemba okha m'buku la kusikelo. Popita kuntchito ankamusiya kwa apongozi awo. Kutchalitchi ankamufunditsa chitenje mpaka kumutu, ngakhale mu Okutobala.

Anthu sanalephere kulankhula. Wina anati ndi tsempho, bambo ake anayenda njira zina mwana ali wakhanda. Wina anati amukhwimira. Mayi wina pampopi anafunsa mokweza kuti kodi alangizi aja amadyetsa chiyani mwana wawo. A Sellina anasenza chidebe chosadzaza n'kubwerera.

Amene anaswa nkhaniyi ndi a Mildred, namwino wamkulu wa pachipatala chawo. Tsiku lina sikelo itatha anawaitanira m'kachipinda ka katemera n'kutseka chitseko.

"A Sellina, mwana wanu ali ndi miyezi khumi. Ine sindinamuonepo pano."

"Ndimamuyeza kunyumba, asisitala. Akukwera bwinobwino."

"Sindikufunsa za makilo. Akukhala?"

A Sellina anatsamira furiji ya katemera. Kenako anakhala pansi, pasimenti penipeni, n'kulira kulira kumene anakuletsa miyezi yonseyo.

"Ndikabwera naye pano amayi aja andiona bwanji? Ine amene ndimawanyoza?"

"Akuonani ngati mayi," anatero a Mildred. "Mawa musabwere kuntchito. Mupite naye kuchipatala chachikulu, ndakulemberani kale kalata."

Dokotala anawauza kuti ubongo wa mwanayo unasowa mpweya pobadwa. Kuchira kwenikweni kunalibe, koma mafizo, masewera owongola ziwalo, akanamuthandiza kwambiri. Zoti adzayenda kapena ayi, dokotalayo anakana kulonjeza. Anabwerera paminibasi ndi a Gervazio, amene anawaperekeza. Atatsika, bamboyo anatenga mwanayo m'manja mwa akazi awo, n'kumuvundukula chitenje chija.

"Mayi a Ati, kuyambira lero asamafundenso. Akufuna kuona aone."

Anayenda naye choncho kudutsa pamsika, mutu wake atautsamiritsa paphewa.

Zotsatira zake zinali zaka za ntchito yosaoneka. M'mawa uliwonse asanapite kusikelo, a Sellina ankamuwongola miyendo ndi zala monga anawaphunzitsira a mafizo, mwana akukuwa mpaka oyandikana nawo kusuzumira pampanda. Lachinayi ankamubereka ulendo wa m'tauni kwa a mafizo. Anamupangira kampando ka makatoni omata ndi phala la ufa wa chinangwa kuti azikhala atatsamira. Atikonda anakhala yekha ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi itatu. A Sellina anali akuchapa. Atatembenuka anamupeza ali tsonga, akuseka nkhuku. Sanafuule, poopa kumudzidzimutsa. Anangoima, thovu likuuma m'manja.

Kukwawa sanakwawe konse. Ankadzikhwekhwereza ndi matako, n'kumafika kulikonse kumene wafuna. Mawu ndiwo anabwera mosavuta: pa zaka zitatu ankalamula nyumba yonse ali pakampando kake.

A mafizo atanena kuti pakufunika chipangizo choimiritsira mwanayo, a Gervazio anachiyang'anitsitsa cha kuchipatalako, nachijambula kuseri kwa katoni. Loweruka anakagula mapaipi akale ku Ndirande n'kubwereka makina kwa mnzawo. Choyamba chinatuluka chopendama, chachiwiri cholemera ngati geti. Chachitatu Atikonda anaimamo mphindi zisanu, akutukwana bambo ake m'chinenero chakechake. Patapita chaka anamupangira china cha mateyala awiri kutsogolo, ndipo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anachikankha kuchoka pakhonde mpaka pamtengo wa mapeyala. A Gervazio, munthu wosalira ngakhale pamaliro, analowa m'bafa n'kukhalamo nthawi yaitali.

Kusikelo nako zinthu zinasintha, ngakhale pang'onopang'ono. Lachiwiri lina kunabwera mtsikana wa ku Chileka ndi mwana wa chaka wofunditsidwa mpaka kumutu. A Sellina anangoona kafundidweko n'kudziwa. Sanamufunse za chakudya. Anamuuza kuti adikire anthu athe, kenako anatulutsa foni n'kumuonetsa kanema wa Atikonda akukankha chitsulo chake.

"Ameneyu ndi wanga. Pa chaka sankatha n'kudzutsa mutu komwe. Wanuyo tamuvundukulani ndimuone."

Lero amayi khumi ndi anayi amakumana pakhonde la a Sellina Loweruka lililonse masana, kuwongolera limodzi ana awo. Zoimiritsira za a Gervazio zafika ku Bangwe ndi ku Machinjiri, ndipo abusa ena anawapatsa kashedi kogwiriramo ntchito. Si ana onse amene amayenda. Awiri anamwalira, ndipo mayi wina anasiyidwa ndi mwamuna mwana asanakwane zaka ziwiri. A Sellina sanamiza aliyense za zimenezi. Mawu a besi aja akadalipo, ndipo mayi wodumphitsa katemera amawamvabe.

Chaka chino Atikonda wayamba sitandade wani ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Sukulu yoyamba inakana, ati pali masitepe. Yachiwiri aphunzitsi aakulu anavomera, bola makolo akonze polowera, ndipo a Gervazio anathira simenti okha. Chimene chikuwasowetsa mtendere a Sellina tsopano ndi dzinja, chifukwa njira ya kusukuluko imadutsa pangalande yomwe imadzaza mvula ikagwa, ndipo mwanayo walemera, msana wawo wayamba kudandaula. Anakalankhula kale ndi a komiti ya chitukuko za kamlatho, kawiri konse. Ayankhidwa kuti nkhaniyo ikambidwa pamsonkhano wa mwezi wamawa, ndipo iwo anena kuti akakhala pabenchi yakutsogolo.