Tsiku Limene Mkamwini Anaiwala Mawu

Mkamwini wanga ndinayamba kumumva ngati munthu wodwala mtima. Mwana wanga wamkazi, wachisamba, ankaphunzira unamwino nthawi imeneyo, ndipo tsiku lina anafika kunyumba kwathu ku Croydon akuseka yekha. Anati pa mayeso awo anawabweretsera mnyamata wina atagwira pachifuwa, akubuula, thukuta lili kamukamu, moti iye anaiwala zoti ali pa mayeso n'kufuna kukaitana madokotala enieni. Belu litalira, wodwalayo anadzuka, anakonza kolala, n'kumufunsa ngati pafupi pali pogulitsa khofi. Kuno amatero: amalemba ganyu anthu a zisudzo kuti azinamizira matenda, ophunzira aziyeserapo.

"Ndiye kuti mawu oyamba amene anakuuza anali bodza," ndinatero ine.

"Mum, it's his job," anandiyankha. Mwanayu Chichewa amamva chonse, koma amayankhira m'Chingerezi, makamaka akafuna kundikwiyitsa.

Mnyamatayo anali wa ku Ejipito, Mkhristu wa mpingo wakalekale wa kumeneko, wokhala ndi kamtanda kodinda pamkono. Kwawo anayamba kuonekera pa TV ali mwana, masaya ali ngati mandasi, akuimba nyimbo yotsatsa tchizi. Atakula ankamupatsa mbali ya mng'ono wake wa munthu wofunika m'masewero aja amaonetsa tsiku ndi tsiku m'mwezi wa Ramadani. Ku London anabwera kudzawonjezera maphunziro a zisudzo, koma opanga mafilimu a kuno ankangomuona ngati woyendetsa takisi kapena wogulitsa m'kashopu, ndipo filimu isanapite patali ankamupha. Ndamuonapo akufa kambirimbiri ine. Ulendo wina anagwa mochititsa chifundo moti ndinamuphikira nkhuku ya chipepeso.

Ntchito zambiri ankafunsira pa foni. Amamutumizira mawu, iye n'kudzijambula akuwanena. Khoma la kukhitchini kwathu ndi loyera bwino, ndiye linasanduka situdiyo yake. Ndikaweruka kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, miyendo ikuwawa, ndinkapeza atatsamiritsa foni pa thumba la mpunga, akundipempha kuti ndiwerenge mawu a munthu winayo. Ndakhalapo wapolisi, ndakhalapo dokotala, ndakhalapo mfumukazi ya dziko losadziwika nditavala yunifolomu ndi masilipasi. Ndisaname, ndinamukonda mnyamatayo. Ankatsuka mbale osatumidwa, ndipo akamukana ntchito ankadandaula madzulo amodzi okha, mawa lake n'kuimikanso foni pa mpunga.

Kenako mwayi unamugwera. Anamuitanira ku Cairo n'kumupatsa mbali yaikulu, ya mwamuna wooneka bwino koma tambwali, wokhala ndi akazi awiri osadziwana. Akagwidwa ankagwada, misozi chuchuchu, mkazi n'kumukhululukira, iye potembenuka n'kumwetulira. Sewerolo linatchuka. Kwawo azimayi ankamutukwana mumsewu, ndipo iye ankati kumeneko ndiye kuyamikira kwake. Ine chimwemwe chinandipitirira. Ndinatumiza sewerolo pa foni kwa amayi onse a kutchalitchi ndi kwa achibale onse, kuphatikizapo achimwene anga a ku Romford.

Atabwerako ku Cairo anaganiza zofunsira mbeta. Kwawo mnyamata amapita kwa bambo a mtsikana, ndiye anayamba kuwanyengerera amuna anga. Ankabwera ndi mathireyi a maswiti a uchi, ankakhala nawo pa mpira n'kumachemerera timu yawo imene imangogonja. Amuna anga ndi munthu wofatsa, woyendetsa tiramu, kasitima koyenda mumsewu, ndipo maswitiwo ankangodya osafunsa kuti akudyeranji. Lamlungu lina mnyamata anatulukira ali mu suti, anaima pakati pa balaza n'kuwapempha mwana wawo. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto, anapukuta uchi kuzala, n'kunena kuti:

"Wayankhula bwino, mwana wanga, koma wasochera khomo. Ine pano ndine tambala, ndimangolira m'mawa. Mwini anapiye ali ku Romford."

Tinachita kumukhazika pansi n'kumufotokozera kuti kwathu ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume, mlongo wawo wa mayi. Anayang'ana thireyi imene inali itatsala pang'ono kutha, amuna anga n'kutolapo kena.

Achimwene anga anapuma ntchito yokankha odwala pachipatala. Ndi munthu wosapupuluma komanso wosaiwala. Sewero lija anali ataonera lonse, chigawo ndi chigawo, akuwerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Nditawaimbira foni kuwauza kuti kukubwera alendo, anangofunsa kuti:

"Chemwali, ndi yemwe uja wa akazi awiri?"

"Achimwene, lija ndi sewero."

"Ndikudziwa kuti ndi sewero, sindine mwana. Nkhani yanga si akazi awiriwo ayi. Nkhani yanga ndi misozi. Munthu wotsegula misozi ngati mpope, tsiku limene adzamulakwire mwana wathu n'kudzagwada pamaso pa ife ankhoswe, tidzadziwa bwanji kuti walapa? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Ndinakangana nawo mpaka foni inatentha, koma sanasunthe. Mwana wanga atamva, sanalire n'komwe. Anangoti, "Fine, Mum. Tikamangitsa ukwati ku council, two witnesses, basi." Apa mtima unandipweteka. Mwanayu ndinabwera naye kuno ali wamng'ono ndipo zambiri zakwathu zinamudutsa. Chimodzi chokha chimene sindinkafuna kuti chimudutse ndi ukwati wa ankhoswe, woti zinthu zikadzavuta adzakhale ndi kothawira. Ndinawachonderera achimwene mpaka anavomera kuti mnyamatayo akaonekere. "Kumuona kokha," anatero, "sindinalonjeze kanthu."

Mnyamatayo anaitenga nkhaniyi monga amatengera ntchito iliyonse. Analemba zoti akanene, anandipempha kuti ndimuikire m'Chichewa, n'kuziloweza zonse. Ankayesera kukhitchini, kutsogolo kwa khoma loyera lija. Ulendo woyamba ndinalira nawo, chifukwa mawuwo anali okoma ndipo ankawatchula ngati wobadwira ku Dedza. Ulendo wachiwiri ndinangomvetsera. Ulendo wachitatu ndinazindikira kuti msozi ukugwera pa liwu lomwelomwelo, kuchokera m'diso lomwelomwelo. Sindinamuuze aliyense, koma tsiku limenelo mawu a achimwene anandilowa, ndipo ndinachita mantha.

Popeza analibe wachibale kuno, tinamupezera nkhoswe, mnansi wathu wina wa ku Zambia, wokulira ku Lusaka, wokonza mapaipi. Loweruka masana tinakwera sitima ya ku Romford, ine, nkhosweyo ndi mnyamata. Ali mu suti yake, milomo ikuyenda, akubwereza mawu ake chamumtima. Nkhosweyo anamuyang'ana n'kufunsa chimene akutafuna. Atamva, anapukusa mutu.

"Iwe mufana, kuja sukamba. Okamba ni ine. Iwe unkhale chabe pansi, maso pansi, manja pamodzi."

Anamubwerezera m'Chingerezi kuti zimveke. Mnyamata anafunsa kuti nanga mawu ake aja atani nawo.

"Speech isiye mu sitima," anatero nkhosweyo.

Mwambowo ndinkaudziwa, koma ndinkaganiza kuti poti kuno ndi ku London tiufewetsako. Nkhosweyo analibe nazo zofewetsa. Ndinaona nkhope ya mnyamata ikusintha. Chiyambire ali mwana, anali asanaimepo pamaso pa anthu wopanda mawu oloweza.

Titafika, achimwene anatilandira bwino. Nkhosweyo anamupatsa sofa, mnyamata anamulozera kampando ka adzukulu pafupi ndi khomo, moti maondo anamufika m'chibwano. Ine ndi alamu anga, akazi awo a achimwene, tinapereka tiyi ndi zitumbuwa n'kulowa kukhitchini, chitseko n'kuchisiya chotsegula pang'ono kuti maso ndi makutu zizigwira ntchito.

Akuluakuluwo anayamba ndi nyengo. Anachoka pa nyengo n'kupita pa maondo a achimwene, pa mvula ya kumudzi, pa mpope wa kubafa umene unkadontha. Mnyamata sanamuyang'ane n'kamodzi komwe. Iye anakhala ndi kapu pa sosala m'manja, osadziwa ngati amwe kapena aike pansi. Patapita nthawi nkhosweyo anakhosomola n'kunena kuti, "Ba malume, ise tabwela na nkhani. Taona kathazi pa nyumba panu, manje tati tibwele tigogode."

"Tamva," anatero achimwene. Anamwa tiyi, anatafuna chitumbuwa osafulumira. Kenako anachita zimene nkhosweyo sankayembekezera. Anatembenukira kwa mnyamata.

"Ndikufuna ndimve kwa iweyo. Mwana wathuyu ukumufuniranji?"

Ndinawatsina alamu. Funso limenelo ndi lomwe mawu oloweza aja ankayankha, ngati kuti achimwene anali nafe kukhitchini kwathu pamene ankayesera. Ndinati basi, mpope utsegulidwa tsopano, ndipo achimwene atseka khomo.

Mnyamata anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Anatseka, anatsegulanso. Kapu inayamba kulira pa sosala, gwedegwede, mpaka tinkaimva kukhitchini. Makutu anamufiira.

"Uncle, I had words," anatero, mawu ali okanda ngati a munthu wa chimfine. "Ndinali nawo. Athawa. Sorry."

Pofuna kuika kapu pansi, inamupulumuka, tiyi yense n'kukhuthukira pa kapeti yoyera imene alamu amaletsa ngakhale adzukulu kupondapo ndi nsapato. Anagwada kuti apukute ndi kampango ka m'thumba la suti, mutu n'kugunda pa tebulo. Anakhala chogwada pomwepo, mphuno ikuchucha, milomo itapindika, akupukuta malo amodzimodzi. Katswiri wokongola uja amene azimayi a ku Cairo ankamutukwana mumsewu anali atasowa. Panali kamwana ka eni kochita mantha, kutali ndi kwawo. Ndinamumvera chisoni moti ndinaiwala za kapeti, ngakhale alamu sanaiwale.

Achimwene anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa nkhoswe uja.

"Nanga tambala wamoyo mukamupeza kuti muno mu London?"

Mnyamata sanamve tanthauzo lake, anapitiriza kupukuta. Koma ife tinamva. Pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kupereka thadzi, ndipo munthu safunsa za tambala ngati wakana. Alamu anaimba kanthungululu kapansipansi, ka m'nyumba zogundizana. Nkhosweyo anaseka n'kuti, "Ba malume, olo ku farm tizaenda." Ndi iye amene anamudzutsa mnyamata n'kumunong'oneza kuti zatheka, ndipo mnyamatayo anabwerera pa kampando kaja osakhulupirira.

Potiperekeza, achimwene anandikokera pambali.

"Sewero lija ndinalionera kawiri," anatero. "Kugwada ndinakuona, misozi ndinaiona. Koma manja sananjenjemerepo. Ndipo pa TV paja akamalira amakongola. Lero wanyansa, chemwali. Ameneyu akadzalakwa tidzamudziwa."

Chinkhoswe chinachitika m'holo ya tchalitchi, tambala anapezeka, ndipo anathawa kamodzi n'kukabisala kuseri kwa piyano. Makolo a mnyamata anabwera kuchokera ku Cairo. Bambo ake anatha tsiku lonse akupereka ulemu kwa amuna anga, ndipo sitinawaletse, poti anabweranso ndi maswiti.

Masiku ano mkamwini amakhala uku ndi uku. Ikayandikira nyengo yojambula amapita ku Cairo, akamaliza amabwerera ku Croydon kudzasintha matewera a mdzukulu wanga. Kuno asiya kumupha msanga, ulendo wina anafika mpaka kumapeto kwa filimu ali moyo. Khoma la kukhitchini likugwirabe ntchito, ndipo ine posachedwapa ndinali woweruza milandu.

M'sewero lake laposachedwa anamupatsa mbali ya mnyamata wosauka wokafunsira mwana wa munthu wolemera. Tinakaonera kwa achimwene Lamlungu masana, titachoka kutchalitchi, amayi angapo atatitsatira. Pa TV paja mkamwini analowa m'nyumba yaikulu, anaima mowongoka, n'kuyankhula mawu okoma osaphonya ndi limodzi lomwe, msozi umodzi n'kutsika bwinobwino pa tsaya. Amayi aja anayamba kufwenthera, wina mpaka kufunafuna kansalu m'chikwama.

Achimwene anangoti, "Bodza ili."

Anadzuka ndi maondo awo ovutawo, anakankha katebulo kamene alamu amabisira banga la tiyi lija, n'kuloza pansi ndi ndodo. Alamu akhala akufuna kusintha kapetiyo chichitikireni zimenezi, koma achimwene amakana.

"Zenizeni zinachitikira apa," anawauza amayiwo. "Ine ndinalipo."

Mkamwini, amene tinapita naye, anali atakhala pa kampando ka adzukulu, mwana ali pamiyendo. Makutu anamufiiranso.