Liwu Limene Amayi a Simbi Anatola Kuhotela

Amayi a Simbi anagwira ntchito yosita zovala pahotela kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitamera, ndipo dzinalo analitengera komweko. Chipinda chawo chinali kuseri kwa khitchini, chopanda windo, chonunkha sopo ndi nsalu zotentha. Ntchitoyo inawaphunzitsa kusakhulupirira za pamwamba. Buluku ankayamba alipisa m'matumba asanaliike simbi. Munthu akawasekerera kwambiri, iwo ankamuyang'ana m'manja.

Chingerezi sanachiphunzire. Anangotolako liwu limodzi. Bwana wawo, mayi wamtali wovala magalasi, akakwiya ankakalipa mpaka ophika kuleka kucheza, koma mawa lake zonse zinkaiwalika. Choopsa chinali akatsitsa mawu. Tsiku lina ananyamula nsalu ya pabedi yopserera pakona n'kunena chapansipansi kuti, "This is a bit worrying." Sipanapite nthawi, mnzawo amene anasita nsaluyo anachotsedwa ntchito. Bwanayo anadzanenanso zomwezo atamva fungo la waya pakhoma, ndipo posakhalitsa chipinda cha matawulo chinapsa. Wophika wina anawamasulira kuti mawuwo amangotanthauza kuti chinthu n'chodetsa nkhawa pang'ono.

"Akati pang'ono anthu amenewa, iwe yamba kulongedza," anatero Amayi a Simbi.

Atapuma pantchito anakakhala kwa mwana wawo womaliza, ndipo ankasita zovala za anthu oyandikana nawo pakhonde. Mkamwini wawo anali woyendetsa galimoto za katundu, munthu wosakhalitsa pakhomo. Mwanayo ankagwira ntchito m'sitolo yaikulu, kuimirira tsiku lonse, ndipo anali ndi pakati poyamba.

Tsiku la sikelo anamuperekeza. Mzamba anamumanga lamba pamkono n'kupopa, kenako anabwereza. Anamudina ndi chala pamwamba pa phazi, chalacho n'kusiya kadzenje kosabwerera msanga. Anatuluka n'kubwera ndi dokotala, mnyamata wankhope yaulemu, amene anapereka moni kwa Amayi a Simbi ndi manja awiri. Zimenezo sizinawasangalatse. Kenako dokotalayo anatembenukira kwa mwana wawo n'kuyamba Chingerezi, mawu atawatsitsa. Iwo anayang'ana pansi ngati sakumvetsera. Pakati pa mawu ambirimbiriwo, liwu lija linadutsa ngati munthu womudziwa pamsika.

Ali panjira anafunsa, "Amati chiyani adokotala?"

"Akuti mwana akukula bwino. Ndizidya zamasamba."

"Kulankhula konse kuja, masamba okhaokha?"

"Chingerezi chimatalika, Amayi."

"Chimatalikadi. Chako chokha ndiye chachifupi."

Mwanayo anaseka, koma maso anali kumsewu. Amayi a Simbi sanapitirize. Ankamudziwa mwana wawo: ukamupanikiza amauma ngati kolala yothira sitachi. Anangoyamba kuona. Mphete yaukwati inali pawindo la kubafa, osati pachala. Kumapazi anavala patapata wa mwamuna wake. Madzulo akukonzekera kuphika anagwira chitseko n'kutsinzina, ndipo ataona kuti amayi ake akumuyang'ana anati ndi utsi. Mbaula inali isanayake n'komwe.

M'mawa mwake mwanayo anatuluka kubafa atadzikulunga nsalu, n'kupita pampando pomwe nthawi zonse ankapeza yunifolomu yake itasitidwa. Panalibe kanthu. Anaipeza pakhonde, itanyikidwa m'beseni la madzi a sopo, amayi ake atakhala pambali, manja pamaondo.

"Amayi, imeneyi munachapa dzulo. Ndivala chiyani?"

"Ndinaona kadontho."

"Kadontho kali pati? Ndichedwatu."

"Pamene pali masamba aja."

Mwanayo anayang'ana m'beseni muja.

"Ine sukulu sindinapite," anatero Amayi a Simbi, "koma wariyingi ndimamudziwa. Ndinakhala naye zaka zambiri chipinda chimodzi. Sabwera kudzangocheza ameneyo."

Mwanayo anayesa kuseka katchulidwe kawoko, koma analephera. Anakhala pansi movutikira, n'kutambasula miyendo yotupayo. Ananena kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, ndipo dokotala ankafuna kumugoneka m'chipatala dzulo lomwelo kuti azimuyang'anira, poopa kuti angakomoke, mwinanso kutaya mwana. Iye anapempha kuti akaganize kaye. Kusitolo kunali kutabwera kale mtsikana wina wophunzira ntchito, mphwake wa bwana, amene ankangoyang'ana malo ake ngati mphaka pafupi ndi poto.

"Ndikangogona m'chipatala, pobwera ndikapeza atakhazikika. Komanso adokotala anati pang'ono chabe, Amayi."

"Ndinamva. Ndiye chifukwa chake ndalongedza."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwama. Munali nsalu, tawulo, kapu ndi timalaya ta khanda, zonse zositidwa bwino.

"Ntchito ikatha, tizidzasita awiri pakhonde pompano. Simbi zilipo ziwiri. Iwe ndiwe mmodzi."

"Bambo ake a mwanayu sindinawauze."

"Uwauza uli pabedi la kuchipatala, asakakunyengerere kuti udikire abwere."

Kuchipatala mzamba yemwe uja anawalandira, n'kumugoneka mwanayo pabedi la pafupi ndi khomo. Atamupopanso pamkono, anayamba kumufotokozera m'Chingerezi. Amayi a Simbi anaika chikwama pansi.

"Pepani anamwino, nenani m'chathu. Womasulira wangayu ndamuchotsa ntchito."

Mzambayo anayang'ana mwanayo, kenako amayi ake. "N'zodetsa nkhawa, mayi, sindikubisirani. Koma mwabwera nthawi yabwino. Timupatsa mankhwala, ndipo sachoka muno mpaka titakhutira."

Amayi a Simbi anamuyang'ana m'manja mzambayo. Manjawo sankanjenjemera. Anagwedeza mutu, n'kukokera mpando pafupi ndi bedi. Kenako anatsina nsalu ya pabedipo n'kuiyang'anitsitsa.

"Amasita ndani muno?" anafunsa chapansipansi.

"Amayi, musayambe," anatero mwanayo atatsinzina.