Sawatcha ya Ababa

Fungo la polishi wakuda limandibwezerabe pakhonde pathu ku Kanjedza, m'nyengo yozizira ya chaka china cha chisankho. Ababa anali atapuma usilikali ali sajeni, ndipo jombo zawo zinkangogona kunsi kwa bedi. Koma mwezi umenewo anazitulutsa n'kumazipukuta m'mawa uliwonse, akulavulira pang'ono kumphuno kwa nsapato mpaka ine kumadzionerapo nkhope. Kunja chiperoni chinkawaza, mabulugamu akununkhira. Magalimoto a zipani ankadutsa mumsewu wa ku Limbe zokuzira mawu zili pamwamba, ife ana tili liwiro pambuyo, osafunsa n'komwe kuti ndi chipani chiti.

Amene anadzutsa jombozo anali a Likaka, tcheyamani wa chipani china m'dera lathu, munthu wa mimba yake ndiponso mwini nyumba yosungiramo katundu ku Limbe. Mtsogoleri wawo, amene ankafuna upulezidenti, ankabwera kudzachititsa msonkhano. Mkuluyo anali asanavalepo yunifolomu ya usilikali chibadwire, chimodzimodzi anzake onse opikisana nawo, ndiye a Likaka anaganiza zomukometsera. Anapempha ababa kuti akaime pansanja atavala chipewa ndi mendulo zawo. Zikayenda bwino, ababa akanakhala kapitawo wa alonda kunyumba ya katundu ija. Ntchitoyo tinkaifuna zedi, chifukwa kamunda kathu ka ku Chigumula kanali katatigwiritsa mwala chaka chimenecho.

Za sawatcha a Likaka sanatchule. Iwo ankaganiza kuti msilikali akangoona bwana, dzanja limakwera lokha. Inenso ndinkaganiza choncho, ndipo pakamwa panga sipankatsekeka. Kusukulu, kumpopi, kuchigayo, aliyense anamva kuti ababa anga akachitira sawatcha pulezidenti wamawa. Madzulo ndinkafoletsa ana anzanga kuseri kwa nyumba, mapesi ali pamapewa, ine ndikukuwa ngati sajeni mpaka amayi kunditopera.

Tsikulo litafika, bwalo linadzaza mosasiya poponda. Ng'oma zinkagunda mpaka m'mimba, amayi a nsalu za chipani akuvina ndi kuimba nthungululu, fungo la chimanga chootcha likusakanikirana ndi utsi wa maminibasi. Ine ndi anzanga tinakwawa pakati pa miyendo ya anthu mpaka kutsogolo. Ababa anali apo, njo! ngati mtengo wa magetsi, mendulo zikunyezimira.

Mtsogoleri uja anakwera pansanja n'kufika pamene panali ababa. Ndinagwira mkono wa mnzanga kuti aonetsetse. Ababa anatambasula dzanja, linalo litagwira pachigongono, n'kupereka moni waulemu ngati wa kutchalitchi. Basi.

A Likaka anasendera pafupi n'kunong'ona, osadziwa kuti aima pafupi ndi chokuzira mawu. Bwalo lonse linamva. "A Sajeni, sawatcha! Tamenyani sawatcha!"

"Pepani a tcheyamani," anayankha ababa, mawu awonso akumveka mpaka kumsika, "bwanawa sanalumbire. Akalumbira mudzandiitane."

Anthu anafa nacho chiseko. Mtsogoleriyo nayenso anaseka, n'kupitiriza zake. Amene sanaseke anali a Likaka, ndipo ukapitawo uja unathera pomwepo. Ine ndinabwerera kunyumba ndikulira, anzanga akundichitira sawatcha yachipongwe njira yonse. Ndinakwiya nawo ababa kwambiri. Ndinkaona ngati ataya ntchito ndi ulemu wanga chifukwa choumira kukweza dzanja chabe.

Chisankho chinachitika, ndipo anapambana wina, amene amayi anandinong'oneza kuti ababa sanamuvotere. Tsiku lolumbiritsa, wailesi inali pampando pakhonde. Ababa anatuluka atavala jombo zija ndi chipewa. Wopambanayo atangomaliza kulumbira, ababa anagundanitsa zidendene, khwa! Dzanja linakwera mpaka pachipumi n'kuima pomwepo, kuchitira sawatcha kawailesi kothothoka utoto, nkhuku zikudutsa m'miyendo mwawo.

"Ababa, komatu ameneyonso si msilikali," ndinatero, ndikadali ndi mkwiyo wanga. "Ndiponso simumufuna."

"Eya, mwanawe," anatero atatsitsa dzanja. "Koma amutuma anthu. Mfuti imamvera amene anthu amutuma."

Nthawi imeneyo ndinangoona kuti ababa ndi munthu wovuta, womana sawatcha munthu wamoyo n'kukaipatsa wailesi. Nditakula ndinamva za maiko amene atsogoleri awo analowa kunyumba ya boma atakwera galimoto zankhondo, ndipo ndinkadabwa kuti kwathu kuno mpando wa upulezidenti sunakhalidwepo ndi msilikali. Sindidabwanso. Ababa anamwalira akulima kamunda ka ku Chigumula, osakhalapo kapitawo wa munthu aliyense. Jombo zawo zili kwanga, ndipo chaka cha chisankho chikafika ndimazipukuta.