Kholo la nsomba m'botolo

Fungo la sipiriti kuchipatala dzulo linandikumbutsa aphunzitsi athu a sayansi ku Lifuwu, munthu woti nkhafi sanaigwirepo. Ankati chambo, utaka ndi mbuna zinachokera kwa kholo limodzi, ndipo wosadziwa zimenezi sadziwa nsomba. Mwina sankanama, koma ankanena akuyang'ana ine, mwana wa msodzi.

Tsiku lina ndinasokerera mutu wa mlamba kuthupi la chambo, n'kuwapititsira. Akanazindikira, sukulu yanga ikanathera pomwepo. Koma iwo anaiviika nsombayo m'botolo la sipiriti, n'kuitanitsa bambo anga.

"Mwakalambira kuchilumba cha Mbenji, bambo, koma kholo la nsombali munaliwonapo?"

Bambo anasuzumira m'botolomo, kenako anandiyang'ana.

"Nsombayi ayi, aphunzitsi. Koma ulusiwu ndi wa ukonde wanga."